Dzuwa Likapendeka, Mwanayo Ali Kuti?

Nkhaniyi ndi ya inu nonse amene mwatchera khutu, a pa Boma, a ku Mkanda, a ku Kapiri, a pa Kamwendo, a ku Waliranji, osaiwala abale athu a tsidya la Mwami, poti mawu a wailesi safunsidwa pasipoti pachipata. Amayi, ngati muli pamoto, takokerani wailesiyo pafupi. Abambo, bawoyo idikire pang'ono.

Lero tikambirane za ana athu ndi mankhwala ozunguza bongo. Ndikudziwa, ena mwanena kale mumtima kuti, "Zomwe zija." Munazimva kutchalitchi, munazimva kumzikiti, munazimva pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Mumazimvanso pa 26 June, tsiku limene bungwe la United Nations linapatula mu 1987 kuti dziko lonse lizikumbukira nkhondo yolimbana ndi mankhwalawa. Tsiku limenelo timaguba ndi zikwangwani, mlendo wolemekezeka amayankhula, ana asukulu amachita sewero la mnyamata wopenga akutola zinyalala pamsika, tonse timaseka, kenako aliyense kwawo. M'mawa mwake wogulitsa mankhwalawa amatsegula monga mwa masiku onse.

Uthenga sitikusowa ayi. Palibe mnyamata wa Folomu 2 mu Mchinji muno amene sanamvepo kuti chamba n'choipa. Chimene chikusowa ndi munthu wamkulu wodziwa kumene mwanayo ali, kuyambira pamene waweruka kusukulu mpaka pamene nkhuku zalowa m'khola. Nkhani yanga yagona pa maola amenewo. Koma tiyambe taona malo amene tikukhala.

Lathu lino ndi boma la m'malire. Kumadzulo kuli Zambia, chakummwera kuli Mozambique. Kuchoka pa Boma, pamene atsamunda ankapatcha Fort Manning, kukafika pachipata ndi makilomita 12 okha, pamene ku Lilongwe ndi pafupifupi 110. Mzinda wa Chipata ku Zambia uli pafupi nafe kuposa likulu la dziko lathu. Mu December 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chija galimoto imangoima kamodzi m'malo moima kawiri. Nyumba zake n'zokongola ndithu. Koma aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti chipata chimenecho n'cha malole ndi anthu a mapasipoti. Enafe tili ndi zipata zathu: kanjira ka m'munda mwa mtedza, kanjira ka m'dambo, kanjira kodzera kuseri kwa manda. Ilipo midzi imene nyumba ili ku Malawi, munda uli ku Zambia. Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amapita ku Ncwala ku Mtenguleni mwezi wa February, Achewa amapita ku Kulamba ku Mkaika mwezi wa August. Maliro, maukwati, chigayo, msika, zonse timayenderana. Malire otere simungawatseke, ngakhale mutaimika wapolisi patsinde pa mtengo uliwonse.

M'tinjira timeneti mumadutsa chimanga, soya, feteleza, shuga, simenti, mafuta a galimoto, malinga ndi kumene mtengo wakwera chaka chimenecho. Mumadutsanso chamba. Apa tisanamizane: pa nkhani ya chamba, ife Amalawi sitingaloze chala anansi athu. Chamba cha kuno n'chotchuka mpaka kunja, kumene amachitcha Malawi Gold, ndipo maboma amene amatchulidwa kwambiri pa ulimi wake ndi Nkhotakota, Nkhata Bay, Mzimba ndi Kasungu. Msewu wochokera ku Kasungu umadzera ku Kapiri n'kudzakumana ndi wa ku Lilongwe pa Kamwendo. Choncho katundu wofuna msika wa ku Lusaka kapena kupitirira, imodzi mwa njira zake ndi yathu ino. Ndipo katundu wodutsa sadutsa yense. Wina amatsalira m'njira, n'kumangidwa timipukutu ta mtengo wa mandasi, n'kumagulitsidwa kuseri kwa msika.

Nanga wonyamula ndani? Mwini katundu sagwira thumba. Iye nsapato zake n'zopolisha, foni ali nazo ziwiri. Wonyamula ndi mnyamata wa zaka 16 kapena 17, wa njinga yakapalasa yokhala ndi kaliyala wowotcherera, kapena wa kabaza wa njinga yamoto amene bwana wake amafuna ndalama yake madzulo aliwonse, kaya makasitomala analipo kaya panalibe. Amamuitanira pambali: "Mfana, pali kadili. Ukangosiya katunduyu kwa auje, usafunse zambiri." Ulendo wake ndi wausiku, nyali atazimitsa, mwezi wa June mphepo ikuluma zala. Akuopa agalu, akuopa apolisi, akuopa achifwamba. Ndiye mnzake wamkulupo amayatsa ndudu yokulunga ndi pepala la kope n'kumupatsira: "Takoka kawiri, manthawo atha." Tsiku loyamba amatsokomola mpaka misozi, anzake akumuseka. Pakutha pa nyengo yokolola, sakweranso njinga asanakoke.

Timakonda kunena kuti ana aonongeka ndi nyimbo, ndi mafilimu, ndi Facebook. Zimenezo zili ndi mbali yake, koma kuno kwathu ana ambiri amayambira pantchito. Pa ganyu yakumunda, poumba njerwa, posoka fodya m'zigafa za m'maesiteti, poweta ng'ombe, ndipo ena amatengedwa ali ang'ono kukagwira ntchito m'minda ya tsidya lina, kumene kulibe mbale wowayang'ana. Mawu amene amamva ndi amodzimodzi: "Chimapatsa mphamvu. Ndime imatha osaimva." Onena zimenezi ndi akuluakulu, nthawi zina mwini ganyu yemwe, amene waona kuti kamtolo ka chamba n'kotchipa kusiyana ndi nsima ya masana. Chamba sichiwonjezera mphamvu m'thupi. Chimangochititsa kuti munthu asamve kutopa ndi kuwawa kwa msana, thupi likutha ndithu, mwini wake osadziwa.

Kusukulu bodza lake ndi lina. Akuti chimatsegula mutu, ukasuta masamu amalowa okha. Akatswiri anapeza zosemphana ndi zimenezo. Chinthu choledzeretsa cha m'chamba, chimene amachitcha THC, chimasokoneza mbali ya ubongo imene imasunga zimene munthu wangophunzira kumene. Mwana amawerenga usiku wonse akumva ngati wamvetsa buku lonse, m'mawa pepala la mayeso likafika m'mutu muli mbee.

Pali chifukwa chimene ndikulimbikira za msinkhu. Ubongo wa munthu sumaliza kukhwima pa zaka 18. Umakulabe mpaka cha m'ma 25, ndipo mbali imene imachedwa kwambiri ndi yakutsogolo, yothandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mawa. Ofufuza amati mwa anthu 10 osuta chamba, pafupifupi mmodzi amafika poti sangakhalenso osasuta. Koma mwa amene anayamba akadali achichepere, ndi mmodzi mwa 6. Makolo ena amataya mtima, amati, "Kaya, adzasutabe." Mwina adzasutadi. Koma woyamba ali ndi zaka 13 ndi woyamba ali ndi zaka 23 mavuto awo safanana, ndipo chaka chilichonse chimene mwana wachedwa kulawa ndi phindu limene palibe angamulande.

Tibwerere ku sewero lija la wopenga pamsika. Ana athu si opusa. Amaona amalume awo akusuta zaka 20, koma akulima, anakwatira, anamanga ya malata. Mukamuuza mwana kuti, "Ukangolawa upenga," amaona kuti mwanama, ndipo zonse zimene munganene pambuyo pake amazitayira limodzi ndi bodzalo. Tiziwauza zoona, poti zoonazo n'zoopsa kale pazokha. Chamba chimakweza chiopsezo cha matenda a misala, makamaka kwa amene anayamba ali mwana, amene amasuta tsiku ndi tsiku, amene amasuta champhamvu, ndi amene kubanja kwawo matendawa anakhalapo. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019, wochitika m'mizinda ya ku Ulaya monga London ndi Amsterdam komanso ku Brazil, anapeza kuti osuta tsiku ndi tsiku chiopsezo chawo chinali chokwera katatu, ndipo osuta champhamvu tsiku ndi tsiku, pafupifupi kasanu. Palibe amene amadziwiratu kuti mutu wake uli mbali iti. Amalume anapulumuka, mphwawo mwina akathera ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God.

Komatu khomo lalikulu limene ana amalowera ndi mowa. Mukukumbukira masacheti? Ku Zambia ankawatcha tujilijili, ndipo boma lawo linawaletsa mu 2012. Kwathu kuno anakhalabe mpaka 2015, ndipo zaka za pakatizo ife a m'malire tinaona chimene chimachitika dziko limodzi likaletsa, linalo osaletsa: katundu amangolowera m'tinjira tija. Masacheti atachoka kunabwera timabotolo tapulasitiki, tija ena amati midoli, tolowa m'thumba la yunifolomu osaoneka. Mu 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa, ndipo lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Koma takafunsani pamsika uliwonse kuti ndi wogulitsa uti anabwezapo ndalama ya mwana. Mu 2024 ku Blantyre anthu angapo anafa atamwa mowa wina umene omwa okha anaupatsa dzina loti "Ambuye n'tengeni". Dzinalo tinaliseka, koma kunali maliro enieni.

Ndipo amene amasonyeza mwana njira ya kwa wotcheza kachasu ndife tomwe. "Iwe, tenga botololi, thamangira kwa Anaphiri, ukawauze andithirire, ndalama ndipereka Loweruka." Mwana amanyamula botolo, panjira amanunkhiza, tsiku lina amanyambita chivundikiro, tsiku linanso amameza pang'ono n'kudzazamo madzi. Amayi otcheza sindikuwaweruza mopepuka. Ambiri fizi ya ana, mchere ndi sopo zimachokera mumphika womwewo. Koma taonani amene amasonkhezera moto, amene amatunga madzi oziziritsira paipi, amene amakhala pafupi woyamba kudontha uja akamatuluka. Ndi mwana wa m'nyumba momwemo.

Kwabweranso zina zosanunkha: mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, mapiritsi a ululu monga tramadol, ogonetsa monga diazepam. Amenewa ndi mankhwala a kuchipatala, ofunika kalata ya dokotala, ndipo bungwe la PMRA ndilo limayang'anira kagulitsidwe kake. Mwana amathira m'botolo la zoziziritsa kukhosi n'kumamwa pamaso pa mayi ake, mayiwo osadziwa kanthu. Ku Nigeria boma linachita kuletsa mankhwala a chifuwa a codeine mu 2018. Ku Zimbabwe, kumene kuli abale athu ambiri, makolo akulira ndi bronco ndi mutoriro. Ku South Africa ndi nyaope. Ku Sierra Leone mtsogoleri wa dziko analengeza mu April 2024 kuti mankhwala otchedwa kush ndi ngozi ya dziko lonse. Sindikuti zonsezi zafika pa Mkanda. Koma msewu umene umatibweretsera simenti ndi womwewo, ndipo kabotolo ka mankhwala sikavuta kubisa ngati thumba la chamba.

Pali chisokonezo china chimene ndiyenera kuchiwongola. Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo kunakhazikitsidwa bungwe la Cannabis Regulatory Authority lopereka ziphaso. Uthenga umene unafika kumudzi unali waufupi: "Boma lavomereza chamba." Anyamata inu, sizili choncho. Chimene chinaloledwa ndi kulima kwa amene ali ndi chiphaso. Kusuta, kusunga, kunyamula kapena kugulitsa popanda chiphaso ndi mlandu mpaka lero. Ku Zambia nakonso anapanga malamulo awo a chamba cha mankhwala mu 2021, koma a Drug Enforcement Commission, amene alipo kuyambira 1989, sanasiye kumanga. Ndipo kumangidwira tsidya lina kumawawa kawiri. Ukatsekeredwa ku Namuseche ku Chipata, mayi ako sangamakubweretsere nsima tsiku ndi tsiku, ndipo bwana wa mafoni awiri uja nambala zake zonse zimasiya kupezeka.

Ena amati yankho ndi kumanga basi. Apolisi agwiredi ntchito yawo, makamaka pa eni katundu. Koma wogwidwa kawirikawiri amakhala wa njinga uja. Mu 2022 dziko lonse linayankhula mnyamata wina wa ku Blantyre atagamulidwa zaka 8 chifukwa chopezeka ndi chamba, pamene masiku omwewo bwana wa kampani ina yaikulu anangolipira chindapusa pa mlandu wa chamba chomwecho. Khoti lalikulu linadzachepetsa zakazo kufika pa 3. Ana athu nkhani imeneyi anaimva, ndipo ndikukayika ngati phunziro limene anatolapo linali lakuti chamba n'choipa. Ambiri anatolapo lakuti mlandu ndi umphawi. Komanso mnyamata wolowa m'ndende chifukwa cha kamtolo kamodzi amatulukamo sukulu itamuthawa, akudziwana ndi anthu ambiri a malondawo kuposa mmene analowera.

Nanga zimene zimagwira ntchito n'ziti? Ku America mu 1983, mumzinda wa Los Angeles, anayambitsa pologalamu yotchedwa DARE, yoti apolisi azilowa m'makalasi kukaphunzitsa ana kukana mankhwalawa. Inafalikira m'sukulu zambirimbiri, ndalama zochuluka zinalowa. Ofufuza atawatsatira anawo kwa zaka, anapeza kuti ophunzitsidwa ndi osaphunzitsidwa ankasuta pafupifupi mofanana.

Ku Iceland anayenda njira ina. Ndi dziko lozizira kwambiri, laling'ono, anthu ake onse sakwana n'komwe a boma la Mchinji lokha, poti kalembera wa 2018 anapeza anthu 602,305 kuno. Mu 1998, mwa ana 100 alionse a zaka 15 ndi 16 kumeneko, 42 anali ataledzerapo m'mwezi wapitawo. Pofika 2016 anatsala 5. Olawapo chamba anatsika kuchoka pa 17 kufika pa 7. Sanachulukitse maulaliki. Anaika lamulo loti mwana wa zaka 13 mpaka 16 asapezeke panja ikadutsa 10 koloko usiku, kapena pakati pa usiku nyengo yotentha. Makolo a kalasi imodzi ankasainirana pangano loti sadzagulira ana mowa, sadzalola mapwando opanda wamkulu, ndipo aziyang'anirana ana. Ena ankayenda m'magulu madzulo kuzungulira dera lawo. Boma linaika ndalama m'masewera, m'nyimbo, m'magule, kuti mwana akaweruka azikhala ndi kopita kumene kuli wamkulu womudikira. Ndipo kawirikawiri ankafunsa anawo mafunso osalemba maina, zotsatira zake n'kuzibweza kudera lililonse kuti eni ake aone pamene pakudontha.

Wina anena kuti, "Awo ndi olemera." Zoona. Koma zimene iwo anagula ndi ndalama zawo n'zimene ife tinali nazo ulere. Mwana wa kale kuno dzuwa likapendeka ankadziwika kumene ali: kudambo ndi ng'ombe, pamtondo, pabwalo, madzulo kumphala. Wamkulu aliyense ankatha kumuimika panjira: "Ndiwe mwana wa yani? Ukupita kuti usiku uno?" Mawu aja oti mwana wa mnzako ngwako yemwe ankagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Chamba chinalipo kalelonso, tisadzinamize, koma chinali cha madoda ena ake, ndipo mwana sankayandikirapo. Lero ukafunsa mwana wa mnzako kumene akupita, madzulo mayi ake afika pakhomo pako atamanga chitenje m'chiuno.

Tsopano tawerengani maola a mwana wa lero. Wa pulayimale waweruka masana. Wa sekondale yoyendera waweruka dzuwa likadali pamwamba. Ambiri a m'ma CDSS kwawo n'kutali, ndiye amachita lendi pafupi ndi sukulu, ija amati self-boarding. Makolo anzanga, munalowamo m'kachipinda kamene mwana wanu amagona? Kali kuseri kwa golosale. M'katimo muli mphasa ziwiri, mbaula, poto mmodzi wakuda, thumba la ufa lopachika kuopa makoswe, mayunifolomu pachingwe, ndi anyamata anayi, wamkulu mwa iwo ali ndi zaka 17. Khomo loyandikana nalo ndi shabini, nyimbo mpaka tambala woyamba. Mwini nyumba amabwera pakutha pa mwezi kudzatenga lendi. Inu mumatumiza ndalama pafoni n'kufunsa funso limodzi: "Ufa ulipo?" Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, palibe munthu wamkulu ngakhale mmodzi padziko lapansi amene angayankhe kuti mwanayo anagona nthawi yanji.

Amenewo ndi amwayi, ali pasukulu. Amene sanasankhidwe kupita ku sekondale, ndipo ndi ambiri, maola awo ndi tsiku lonse: pa pulu, pa kanema, pobetcha mpira wa ku England. Nyengo yoopsa kwambiri ndi imene ife timaikonda, mtedza, soya ndi fodya zikagulitsidwa. Ntchito yakumunda yatha, kandalama kali m'thumba, mavenda adzaza pamsika, usiku n'ngwautali. Atsikana timawaiwala pankhaniyi, koma nyengo yomweyi ndi imene mwana wa Sitandade 8 amagulidwa kabotolo koyamba ndi munthu wa msinkhu wa bambo ake, ndipo zotsatira zake zimaoneka mvula ikamayamba.

Boma lino si lachilendo poyambitsa zinthu. Mtukula Pakhomo, amene lero ali m'maboma onse, anayambira kuno ku Mchinji mu 2006. Ndiye palibe chotiletsa kuyamba zathu popanda kudikira galimoto ya bungwe. Komiti ya sukulu ndi amayi a mother group atha kulemba zipinda zonse zimene ana akuchita lendi, n'kumaziyendera madzulo mosinthana, mwini nyumba n'kuuzidwa kuti amene walandira lendi ya mwana walandiranso udindo. Bwalo la mpira lifunika munthu wamkulu wokhalapo tsiku ndi tsiku, ndi ligi yoyenda sabata ndi sabata kuchokera pokolola mpaka podzala. Mabonanza a andale aja, amene amabwera chaka cha chisankho n'kutha Loweruka limodzi, osewera n'kukamwera mphoto yonse, sindikuwawerengera. Sukulu ya ntchito zamanja ya Kapondo singatenge onse. Koma wowotcherera aliyense, kalipentala, telala, makaniko wa njinga zamoto, atatenga mwana mmodzi womuphunzitsa masana, mipando ya pa pulu ingachepe anthu. Kwaya, ingoma, chimtali, zonsezi zimadya maola omwe aja. Ndipo inu eni dambwe, ndikuyankhula mwaulemu: mawu anu anyamata amawaopa kuposa a mphunzitsi wamkulu. Mukanena kuti fodya wamkulu safika kumeneko, safika.

Mafumu athu, Agogo Chalo, Amakhosi, a Gulupu, a Nyakwawa, mwasonyeza kale pa nkhani ya maukwati a ana kuti malamulo a m'mudzi amaluma. Wogulitsa chamba m'mudzi mwanu si mlendo wochokera ku Lusaka. Dzina lake mukulidziwa, nyumba yake mukuidziwa, pamaliro timadya naye mbale imodzi. Chimene chimatimanga pakamwa n'chakuti ndi mwana wa achemwali, kapena ndi amene amatikongoza feteleza. Muitaneni pabwalo. Wogulitsa kachasu kwa mwana, wotuma mwana kukagula, woonetsa kanema nthawi ya sukulu, onse chindapusa chawo chidziwike. Ndipo popeza mumakumana kale ndi anzanu a tsidya lina ku Mkaika ndi ku Mtenguleni, gwirizanani chimodzi, kuti wothamangitsidwa kuno asakangotsegula tsidya la dambo. Apampando a pasiteji ya kabaza, inunso mukudziwa njinga zimene zimayenda usiku nyali zitazimitsidwa, ndipo mukudziwa zaka za okwerapo.

Kwa kholo limene likukayikira kale: maso ofiira okha si umboni, utsi wa kukhitchini nawo umafiiritsa. Yang'anani zingapo pamodzi. Anzake asintha, ndipo atsopanowa salowa pakhomo, amangoimba mluzu kumsewu. Wayamba kujomba. Makope ake ang'ambidwa masamba apakati. Ndowa ya soya yatsika, nkhuku yasowa. Koma choopsa kuposa ndalama yosowa ndi ndalama yobwera. Mwana wosagwira ntchito akabwera ndi foni yatsopano, kapena akakugulirani shuga ndi nyama, musathamangire kuthokoza Mulungu musanafunse kumene zachokera. Ambirife timaopa kufunsa chifukwa tikuopa yankho, komanso chifukwa shugayo tikumufuna.

Mukatsimikiza, musayankhule naye ataledzera, ndipo musamuchititse manyazi pagulu. Dikirani m'mawa. Itanani atsibweni ake kapena wamkulu amene iye amamumvera, mufunse kuti anayamba liti, amasuta ndi yani, chimamuthandiza chiyani. Yankho la funso lomalizali ndi limene lingakuuzeni chochita: wina ndi njala, wina ndi mantha a ulendo wausiku, wina ndi chisoni cha maliro a mayi ake chimene palibe anamufunsapo. Kumuthamangitsa pakhomo, kapena kumuchotsa sukulu, ndi kumupereka m'manja mwa wogulitsa, poti ndiye yekha amene adzamulandire usiku umenewo.

Akayamba kuyankhula yekha, kumva mawu amene ena sakuwamva, kukhala masiku osagona, kukana nsima ati mwathiramo poizoni, musamumange unyolo pamtengo, ndipo musayambe mwaloza agogo ake kuti amulodza. Pitani naye kuchipatala chapafupi, kaya chaching'ono cha m'dera lanu, kaya cha mishoni ku Guillime, ku Ludzi kapena ku Kapiri, kaya chachikulu pa Boma, mukafunse woona za matenda a maganizo. Matendawa ali ndi mankhwala, ndipo wofulumira amachira bwino kuposa wochedwa. Tengani botolo kapena paketi ya zimene amamwa mukaonetse, osabisa, adokotala si apolisi. Amene wakhala akumwa kachasu kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi ali yekha m'nyumba, chifukwa kunjenjemera ndi kukomoka kumene kumatsatira kutha kupha. Asiyire pamaso pa achipatala. Bungwe la YONECO lili ndi manambala aulere: 116 ya nkhani za ana, ndi 6600 ya nkhani za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Akakuuzani kuti mubwerenso tsiku lakutilakuti, bwereraninso ngakhale mwanayo akuoneka kuti wachira, ndipo mankhwala asasiye yekha. Akadzagwanso pakatha miyezi itatu, poti ambiri amagwanso, musati zalephereka. Mutengeni mubwerere naye komweko.